Woyendetsa Chombo Wagona Chagada

Ayamba n'kundivula wotchi.
Aipereka kwa Chizuru, ati mudikire panja,
pakuti khomo lawo lili pomwepo,
pamene lamba wasiya mzere wotuwa pakhungu.

Sindinkadziwa kuti njira ya kumtima imayambira padzanja.

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndawolotsa anthu
kuchoka ku Hakodate kupita ku Aomori,
malole a maapozi, ana a sukulu osanzira m'ndowa,
ndipo kunsi kwa chombo kunali kachida
koponya liwu m'madzi akuda bii
n'kudikira kuti libwerere.
Likachedwa, n'pakuya, pitirira.
Likafulumira, khota msanga, pali mwala.

Lero dokotala Kuramochi,
msinkhu wake ngati mwana wanga wachiwiri,
atavala epuloni yamtovu yomuweramitsa mapewa,
akundilongosolera zomwezo ngati nkhani yachilendo.
Ati kunsonga kwa kapaipi aka,
kowonda ngati chingwe cha mbedza,
kuli kadiso kosadalira kuwala,
kamafuula mwakachetechete n'kutchera khutu.
Ndaseka.
Ati chonde musagwedezeke.

Sindikumva kuwawa ayi,
kungoti chinachake chikukwawa m'mkono,
chadutsa chigongono, chazimirira paphewa.
Kuyambira pamenepo ndikungochiona pagalasi,
kamzere kakuda kakuvina ndi mtima wanga.

Kenako chithunzi china:
chitsa chodulidwa kumene, mizere yozungulira,
pakati pali dzenje lakuda.
Umo ndi mmene mukudutsa magazi, akutero.
Akukoka kapaipi pang'onopang'ono chobwerera m'mbuyo,
dzenje likuchepa,
likuchepa,
mbali imodzi yatundumuka zoyera
ngati mchenga umene mtsinje umatula pakamwa pa doko
chaka ndi chaka, popanda woufunsa.

Fodya wanga ndi ameneyo.
Zokazinga za pakati pa usiku, ndili chiimire pachiwongolero.

Atsegula kawayilesi kuti ndidzimvere ndekha.
Fwaa. Fwaa. Fwaa.
Ndamvapo nyanja zambiri
koma iyi ndayenda nayo zaka makumi asanu ndi awiri osaimva.
Pomwe pachepa paja liwu lakwera, lathwa,
ngati mphepo yolowera pamng'alu wa zenera.
Ndati izi ndiye musandiphunzitse:
madzi amathamanga kwambiri pomwe njira yapanikizika,
mlendo amati ndi mphamvu,
ife timadziwa kuti ndi kusowa podutsa.

Namwino Tsurumaki akuwerenga manambala.
Khumi ndi zisanu ndi zitatu, mtima uli phee.
Tsopano tithira mankhwala, ati,
mumva ngati mwakwera masitepe mutasenza katundu.
Chifuwa chalemera, nkhope yatentha,
mpweya ndikuusaka ngati chenji m'thumba lobooka.
Mtima ukupempha magazi owirikiza kawiri, katatu.
Makumi awiri ndi zitatu.
Makumi awiri ndi zinayi.
Basi, zaima pomwepo.

M'chipinda mwati zii.
Chete ameneyu ndikumudziwa,
ndi wa amalinyero nkhungu ikatseka doko
aliyense akuyang'ana nambala imodzi.

Dokotala wayeza m'lifupi, wayeza m'litali,
sakuyerekeza ndi maso, akulemba.
Wakankha kabaluni kovekedwa kaukonde kachitsulo,
wakafufumitsa. Ululu wa masekondi khumi.
Ndawerenga mabawuti a nyale ya kudenga, alipo asanu ndi limodzi.

Kadiso kabwereranso kukaona ntchito.
Dzenje lakula, lazunguliridwa ndi timadontho towala.
Fwaa uja watsika, wakhuta,
sakuimbanso mluzu.

Madzulo kunja kukugwa chipale chofewa.
Chombo cha faifi koloko chalira kudoko,
chachedwa ndi mphindi ziwiri, ndamva.
Dzanja lamanja alimanga, lisapindike mpaka mawa.
Chizuru watulutsa wotchi m'chikwama,
yafunda chifukwa anaifumbata tsiku lonse.
Wayang'ana bandeji, wazungulira bedi,
wandiveka kumanzere,
ndipo lamba sakudziwa bowo loti alowe.